Nkhondo amailoleza ndani: mtsogoleri wa dziko kapena aphungu?

Nachisale:

Moni nonse. Pali chinthu chimene chimandizunguza mutu ndikamatsatira nkhani za kunja. Timamva kuti m'malamulo oyendetsera dziko la America, mphamvu yolengeza nkhondo ili m'manja mwa Congress, nyumba yawo ya malamulo. Koma chimene timaona kawirikawiri n'chakuti ndege zaponya kale mabomba usiku, pulezidenti akulankhula m'mawa, ndipo aphungu akumvera pa wailesi limodzi ndi wina aliyense. Ku Britain nakonso nthawi zina amavota, nthawi zina savota. Ndiye lamulo limati chiyani kwenikweni? Aphungu akafuna kuimitsa nkhondo yoti yayamba kale, amatsata njira yanji, ndipo zinathekapo? Chonde ndikufuna ndondomeko yake, osati zoti chipani chakuti ndiye chabwino.

Mlauzi:

A Nachisale, vutoli linabadwira m'malamulo momwemo. Gawo loyamba limapatsa Congress mphamvu yolengeza nkhondo, yokhazikitsa gulu la asilikali ndi yolipatsa ndalama. Gawo lachiwiri limati pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse. Malire a mphamvu ziwirizi sanalembedwe, ndipo mpata umenewo ndi umene apulezidenti akhala akulowerapo.

Congress inalengezapo nkhondo maulendo 11, pa nkhondo zisanu zokha: ya 1812, ya Mexico, ya Spain ndi nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Komaliza munali mu Juni 1942, polimbana ndi Bulgaria, Hungary ndi Romania. Ku Korea mu 1950 pulezidenti Truman anatumiza asilikali osapempha voti, n'kumaloza ku chigamulo cha United Nations. Ku Vietnam, Johnson anagwiritsa ntchito chilolezo cha Gulf of Tonkin cha mu 1964, chimene maseneta awiri okha ndiwo anachikana.

Aphungu atapsa ndi za ku Vietnam anakhazikitsa lamulo la War Powers Resolution mu Novembala 1973. Nixon anakana kulisaina, iwo anamugonjetsa ndi mavoti 284 kwa 135 ku House of Representatives, ndi 75 kwa 18 ku Senate, zomwe ndi nyumba ziwiri za Congress. Lamuloli limayenda motere. Pulezidenti azikambirana ndi Congress asanalowetse asilikali kumalo omenyana, pamene kutero n'kotheka. Akawalowetsa, apereke lipoti lolemba pasanathe maola 48, lofotokoza chifukwa chake, lamulo limene watsamira, kukula kwa ntchitoyo ndi nthawi imene akuganiza kuti itenga. Kuyambira tsiku limene lipotilo laperekedwa, kapena limene linayenera kuperekedwa, amawerenga masiku 60. Akakwana Congress isanalengeze nkhondo, isanapereke chilolezo kapena kuwonjezera nthawi, asilikali achoke. Pulezidenti angawonjezere masiku 30 ngati walemba kuti akufunika kuti asilikaliwo atuluke bwinobwino. Mulinso ndime ina imene ambiri amaidumpha, yonena kuti kupereka ndalama sikutanthauza kuloleza nkhondo, pokhapokha lamulo la ndalamalo litanena zimenezo mwachindunji.

Papepala zikuoneka zolimba. Zimaphwasukira pati?

Poyamba ndi pa lipoti. Masiku 60 aja amayamba kuwerengedwa ndi lipoti la ndime imodzi yokha, yokamba za asilikali amene alowa m'kumenyana kapena ali pafupi kutero. Maloya a White House, ofesi ya pulezidenti, amalemba lipoti osatchula ndimeyo, n'kungoti akudziwitsa aphungu mogwirizana ndi lamulo, osati molamulidwa nalo. Lipoti lodziwika kuti linatchula ndimeyo ndi la Ford mu 1975, pa nkhani ya Mayaguez, sitima ya America imene inagwidwa ndi asilikali a ku Cambodia, ndipo pomwe linkafika n'kuti kumenyanako kutatha.

Kachiwiri, lamuloli silinamasulire kuti kumenyana n'chiyani. Ku Libya mabomba anayamba kugwa pa 19 Malichi 2011. Masiku 60 atadutsa, boma la Obama linati zimene America ikuchita kumeneko si kumenyana m'tanthauzo la lamulolo, chifukwa kulibe asilikali apansi, palibe kuwomberana kokhalitsa, ndipo chiopsezo choti asilikali ake afe n'chochepa. Ntchitoyo inapitirira mpaka kumapeto kwa Okutobala.

Kachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, ndi chigamulo cha khothi lalikulu pa mlandu wa INS v. Chadha mu 1983. Mlanduwo unali wa munthu wofuna kuthamangitsidwa m'dziko, sunali wa nkhondo n'komwe. Koma khothi linati Congress singalamule boma kuchita chinthu popanda kudutsitsa bilu pa tebulo la pulezidenti. Lamulo la 1973 linali ndi ndime yolola nyumba ziwirizo kulamula kuti asilikali abwerere, pulezidenti osafunsidwa. Ndime imeneyo inafooka pomwepo. Lero njira yake ndi iyi: seneta amapereka chikalata cholamula kuti asilikali achoke, komiti ikachisunga masiku 10 iye angapemphe kuti chitulutsidwe, ndipo chimadutsa ndi mavoti opitirira theka basi. Chikadutsa m'nyumba zonse ziwiri chimapita kwa pulezidenti yemweyo amene akumenya nkhondoyo. Akachikana pamafunika magawo awiri mwa atatu m'nyumba iliyonse, kutanthauza mavoti 290 mwa 435 ndi 67 mwa 100 ngati onse alipo.

Taonani mmene zinthu zinatembenukira. Olemba malamulo ankafuna kuti poyamba nkhondo pafunike aphungu ambiri ovomereza. Panopa pulezidenti amangofunika maseneta 34 omuikira kumbuyo kuti nkhondo isaime. Mu 2019 chikalata chothetsa thandizo la America pa nkhondo ya ku Yemen chinadutsa 54 kwa 46 ku Senate ndi 247 kwa 175 ku House. Trump anachikana mu Epulo, ndipo poyesa kumugonjetsa anangopeza mavoti 53. Cha Iran mu 2020 chinathera momwemonso.

Makhothi musawadalire. Aphungu anasumira George H. W. Bush mu 1990 komanso Clinton mu 1999, koma oweruza sanagamule zoti nkhondoyo ndi yololedwa kapena ayi. Amati mwina nkhaniyo sinakhwime, mwina phungu payekha alibe ufulu wosuma pa chinthu choti nyumba yonse ikanachikonza ndi voti.

Gonthi:

Zonse a Mlauzi anenazi n'zoona, koma ine ndikanayambira pa ndalama, chifukwa nthawi zimene Congress inaimitsadi chinachake inagwira pa thumba.

Ndalama za asilikali a America zimadutsa pa zipata ziwiri chaka chilichonse. Pali lamulo lonena zimene unduna wa zachitetezo ukuloledwa kuchita ndi kugula, ndiye pali lamulo lina lotulutsa ndalama zenizenizo. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Okutobala. Malamulo oyendetsera dziko amaletsanso kupatsa gulu la asilikali apamtunda ndalama za nthawi yopitirira zaka ziwiri pakamodzi, dala, kuti boma lizibwerera kwa aphungu kudzapempha. Palinso lamulo la Antideficiency Act limene limaletsa wogwira ntchito m'boma kugwiritsa ntchito ndalama zomwe Congress sinapereke. Choncho chiganizo chimodzi choti ndalama za m'lamulo lino zisagwire ntchito yakuti kuyambira tsiku lakuti chimaluma kuposa masiku 60 aja.

Ubwino wake wina ndi wa ndale. Chikalata chongolamula kuti asilikali abwerere, pulezidenti amachikana osataya kanthu. Koma chiganizo chija chikalowetsedwa m'bilu yaikulu imene boma silingayende popanda iyo, akaikana ndiye kuti wakananso malipiro a asilikali ndi zina zonse zili m'menemo. Umu ndi mmene zinayendera mu 1973: Nixon anakana bilu yoyamba yodula ndalama zophulitsira Cambodia, aphungu anaumirira, mpaka anagwirizana tsiku la 15 Ogasiti, ndipo mabomba anasiyadi kugwa tsiku limenelo. Mu 1976 lamulo la Clark linatseka thandizo lachinsinsi kwa magulu omenya nkhondo ku Angola, ndipo linakhalapo mpaka 1985. Ku Somalia, asilikali 18 ataphedwa ku Mogadishu mu Okutobala 1993, Congress inaika 31 Malichi 1994 kukhala tsiku lomaliza la ndalama.

Chimene chimalakwika ndi kalembedwe. Lamulo loyamba la Boland mu 1982 linaletsa ndalama zothandizira gulu loukira la Contra ndi cholinga chogwetsa boma la Nicaragua. Boma la Reagan linangoti cholinga chathu si kugwetsa boma, n'kutseka njira za zida, thandizo n'kumapitabe. Mu 1984 analilembanso molimba, kuletsa mabungwe a ukazitape ndi unduna wa zachitetezo. Apo anthu a ku National Security Council, bungwe lolangiza pulezidenti pa zachitetezo, anati ife sitili m'gulu limenelo, n'kuyamba kupeza ndalama kwina, kuphatikizapo phindu la zida zogulitsidwa mobisa ku Iran. Zinaululika mu Novembala 1986. Ndiye chiganizo chodula ndalama chimayenera kutchula zinthu zinayi: ndalama za malamulo onse osati la chaka chimenecho lokha, nthambi zonse za boma, ntchito yeniyeniyo osati cholinga chake, ndi tsiku. Chikasowa chimodzi, maloya amadutsira pomwepo.

Palinso timipata tina. Unduna umaloledwa kusamutsa ndalama zina kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina, mpaka mlingo woikidwa chaka ndi chaka. Lamulo lakale la mu 1861 la Feed and Forage limalola asilikali kutenga chakudya, mafuta, zovala ndi mankhwala pa ngongole ndalama zikatha. Izi zimagula masabata kapena miyezi ingapo, sizingayendetse nkhondo yaikulu kwa zaka.

Koma chopinga chachikulu si lamulo, ndi mantha a aphungu eni ake. Palibe amene amafuna kuti pa kampeni adzamunene kuti anamana zipolopolo ana a anthu ali kunkhondo. Onani zimene House inachita pa 28 Epulo 1999, nkhondo ya Kosovo ili mkati. Tsiku limodzi lomwelo inakana kulengeza nkhondo, mavoti 427 kwa 2. Inakana kulamula kuti asilikali abwerere. Pa chikalata chovomereza mabomba a ndege mavoti anafanana, 213 kwa 213, choncho chinagwa. Patapita masabata ochepa aphungu omwewo anapereka ndalama za nkhondoyo, ndipo maloya a boma anadzati ndalamazo ndiye chilolezo, ngakhale lamulo la 1973 limakana zimenezo. Mabomba anagwa masiku 78. Mu Juni 2011 pa Libya anachitanso chimodzimodzi: anakana kuloleza, anakananso kudula ndalama. Phungu wotero nkhondo ikayenda bwino amati ndinaipatsa ndalama, ikavuta amati sindinailoleze.

Thumbali limagwiranso mbali inayo, pamene pulezidenti akufuna kuthandiza dziko lina. Biden anapempha ndalama zina za Ukraine mu Okutobala 2023. Ku House biluyo sinafike pa voti kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, chifukwa Sipikala ndiye amasankha zokambidwa, ndipo mbali ina ya chipani chake inkakana. Itafika mu Epulo 2024 inadutsa 311 kwa 112, madola pafupifupi 61 biliyoni. Mavoti analipo nthawi yonseyo, chimene chinasowa ndi mpata wovotera. Pa miyezi yodikirayo asilikali a Ukraine ankachita kuwerenga zipolopolo za mizinga, ndipo mzinda wa Avdiivka unagwa m'manja mwa Russia mu Febuluwale.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndiye kumene aphungu amavota nkhondo isanayambe, monga pa Iraq mu 2003, si ndiye kuti zinthu zimayenda bwino? Nanga mayiko a ku Ulaya amatani?

Tsokalida:

Mayi Nachisale, voti isanayambe nkhondo imathandiza malingana ndi tsiku limene yachitika komanso mawu amene alembedwamo.

Za tsiku: Congress inavomereza nkhondo ya ku Gulf pa 12 Januwale 1991, ku Senate mavoti 52 kwa 47. Koma n'kuti asilikali a America oposa 300,000 ali kale m'chipululu, ndipo tsiku lomaliza limene United Nations inapatsa Iraq linali 15 Januwale. Aphungu a ku Britain anavota pa 18 Malichi 2003, mavoti 412 kwa 149, asilikali awo masauzande ambiri ali pa malire ku Kuwait, nkhondo n'kuyamba pa 20. Phungu wofunsidwa pa nthawi ngati imeneyo sakuyankhanso funso loti nkhondoyi ndi yoyenera kapena ayi. Akuyankha ngati ali wokonzeka kuchititsa manyazi dziko lake pamaso pa adani ndi abwenzi. Madzi akatayika saoleka. Chisankho chenicheni chimachitika pa tsiku lotumiza asilikali, ndipo tsiku limenelo nthawi zambiri kulibe voti.

Za mawu: chilolezo cha pa 14 Sepitembala 2001 chinadutsa 98 kwa 0 ku Senate ndi 420 kwa 1 ku House, wokana yekhayo ali Barbara Lee. Chiganizo chake chachikulu chili ndi mawu 60 okha. Sichitchula dziko, sichitchula tsiku lothera, chimangoti amene anakonza kapena kuthandiza chiwembu cha pa 11 Sepitembala ndi amene anawasunga. Maboma otsatizana anachitambasula kuti chikhudze magulu ogwirizana ndi al-Qaeda, mpaka chinagwiritsidwa ntchito pa ISIS mu 2014 ndi al-Shabaab ku Somalia, magulu oti mu 2001 kunalibe. Asilikali anayi a America ataphedwa ku Tongo Tongo m'dziko la Niger mu Okutobala 2017, maseneta ena akuluakulu anavomera poyera kuti sankadziwa kuti kumeneko kuli asilikali awo ochuluka chotero. Chilolezo cha Iraq cha mu 2002, cholembedwera Saddam Hussein, chinatchulidwanso mu Januwale 2020 pofotokoza kuphedwa kwa Qasem Soleimani, kazembe wa asilikali wa ku Iran. Chilolezo chopanda tsiku lothera chimakhala cholowa cha apulezidenti amene sanachipemphe n'komwe.

Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza voti. Mphamvu yotumiza asilikali ndi ya ufumu, ndipo amaigwiritsa ntchito ndi nduna yaikulu. Chimene chilipo ndi mwambo chabe umene unayamba kuzika mizu mu 2003. Unaoneka wamphamvu pa 29 Ogasiti 2013, pamene nduna yaikulu Cameron anagonja 285 kwa 272 pa nkhani yophulitsa Syria, n'kunena usiku womwewo kuti wamva. Patangopita masiku awiri Obama naye anati akapempha kaye Congress, ndipo mabomba aja sanagwe. Koma mu Epulo 2018 Theresa May anaphulitsa Syria aphungu ali pa tchuthi, ndipo mu Januwale 2024 Sunak anaphulitsa gulu la a Houthi ku Yemen osapempha voti. Mwambo umagwira amene wafuna kuti umugwire.

Dongosolo lolimba kwambiri pa mayiko akuluakulu ndi la Germany. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu Julayi 1994 kuti kutumiza asilikali onyamula zida kunja kumafuna chilolezo cha Bundestag, nyumba ya malamulo ya dzikolo, ndipo lamulo la 2005 linaika ndondomeko yake. Boma limapereka pempho lotchula ntchito yokagwiridwa, dera lake, chiwerengero chimene asilikali sayenera kupitirira, luso ndi zida zimene akutenga, nthawi, mtengo wake ndi kumene ndalamazo zichokere. Aphungu amavomereza kapena kukana, sangasinthe mawu. Kawirikawiri chilolezo chimakhala cha miyezi 12, ikatha boma libwerenso. Bundestag ingathenso kuitanitsa asilikali nthawi iliyonse. Pa ngozi yadzidzidzi, monga kupulumutsa nzika, boma limachita kaye n'kupempha pambuyo mosachedwa. Kusiyana kwake ndi America kuli apa: ku Germany aphungu akangokhala chete ntchito imatha, ku America akakhala chete ntchito imapitirira.

Ngakhale kumeneko mtsogoleri ali ndi chikwapu. Mu Novembala 2001 mtsogoleri wa boma la Germany, Schröder, ataona kuti aphungu ena a mbali yake akana zotumiza asilikali pa nkhondo yolimbana ndi uchigawenga, anamangiriza nkhaniyo ku voti yoti akumukhulupirira kapena ayi. Wokana nkhondo akanagwetsa boma lake lomwe. Anapeza mavoti 336 pomwe ankafunika 334.

France ili pakati. Kuyambira 2008, ndime 35 ya malamulo oyendetsera dzikolo imati boma lidziwitse aphungu pasanathe masiku atatu, ndipo ntchito ikapitirira miyezi inayi lipemphe chilolezo. Ku Mali asilikali analowa pa 11 Januwale 2013, voti inachitika mu Epulo. Chilema chake n'chakuti chilolezocho sachipemphanso chaka ndi chaka, ndipo asilikali a France anachoka ku Mali mu Ogasiti 2022.

Chitsanzo chimene ndimachiona cholemera kuposa zonse ndi cha Turkey pa 1 Malichi 2003. Boma linapempha kuti asilikali a America okwana 62,000 adutse m'dzikomo polowera kumpoto kwa Iraq. Ovomereza anali 264, okana 250, osavota mbali iliyonse 19. Poyamba anthu anayesa kuti ladutsa, koma lamulo linkafuna opitirira theka la onse amene analipo, ndipo anaperewera pang'ono. Sitima zonyamula katundu wa asilikali a America zinachita kuzungulira kudzera ku Suez kupita ku Kuwait. Votiyo inaluma chifukwa inachitika asilikali asanalowe.

Nangondo:

Ndawerenga zonse, ndipo ndikusiyana nanu pang'ono, makamaka inu a Tsokalida. Mukuika mtima kwambiri pa kalembedwe ka lamulo. Ku Russia nakonso malamulo amati nyumba ya Federation Council ndiyo imaloleza kugwiritsa ntchito asilikali kunja kwa dziko. Putin anapempha pa 1 Malichi 2014, anapatsidwa tsiku lomwelo. Anapemphanso pa 22 Febuluwale 2022, anapatsidwa popanda wokana, nkhondo n'kuyamba pa 24. Ndondomeko inatsatidwa bwinobwino. Voti ya phungu imalemera pokhapokha ngati phunguyo amaopa omuvotera kuposa mmene amaopera mtsogoleri.

Ndiye funso n'lakuti ovota amaimva liti nkhondo. Poyambirira amathamangira kumbuyo kwa mtsogoleri. George W. Bush anafika pa 90 peresenti pa kafukufuku wa Gallup mu Sepitembala 2001. Bambo ake anafika pa 89 nkhondo ya ku Gulf itatha mu 1991, komabe anagonja pa chisankho cha 1992 chifukwa cha chuma. Chikondi chimenecho sichikhalitsa, koma chimafika pa nthawi yeniyeni imene aphungu akufunsidwa kuvota, n'chifukwa chake mavoti oyambirira amakhala a 98 kwa 0.

Pambuyo pake nkhondo imalowa m'nyumba za anthu kudzera pa makomo atatu: maliro, kulembedwa usilikali mokakamiza, ndi msonkho. Vietnam inalowera pa onse atatu. Achinyamata ankatengedwa mokakamiza, Johnson anawonjezera 10 peresenti pa msonkho mu 1968, ndipo asilikali a America amene anafa anadzapitirira 58,000. Pa 31 Malichi 1968 Johnson analengeza kuti sapikisananso. Malamulo odula ndalama a 1973 amene a Gonthi atchula anabwera pambuyo pa zonsezi. Aphungu sanatsogolere, anatsatira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Maboma anaphunzirapo, ndipo anayamba kutseka makomo aja limodzi ndi limodzi. America inasiya kulemba usilikali mokakamiza mu 1973. Nkhondo za Afghanistan ndi Iraq zinalipiridwa ndi ngongole kudzera m'mabajeti apadera, pomwe misonkho inatsitsidwa mu 2001 ndi 2003. Ntchito zambiri zinapatsidwa kwa makampani olembedwa ganyu, amene anthu awo akafa salowa m'chiwerengero cha asilikali. Ndege zopanda woyendetsa zinachepetsanso maliro a mbali yoponya. Mfundo ya boma la Obama pa Libya ija inatsamira pomwepa: poti athu sakufa, si kumenyana. Ndi mmene nkhondo ya Afghanistan inathera zaka 20 osakhala nkhani yaikulu pa zisankho zambiri.

Ngakhale Putin amawerengera zomwezi. Anazengereza miyezi isanu ndi iwiri asanalengeze pa 21 Sepitembala 2022 zoitana amuna 300,000, ndipo atatero amuna ambirimbiri anathawira ku Kazakhstan, Georgia ndi kwina. Kuchokera apo boma lake linadalira kwambiri malipiro okwera a olowa mwa kufuna kwawo, komanso akaidi. Ku Ukraine, dziko loti likudziteteza, kutsitsa zaka zoyambira kuitanidwa kuchoka pa 27 kufika pa 25 kunadikira mpaka Epulo 2024.

Kumene maboma ndi a mgwirizano wa zipani, khomo limatseguka msanga. Boma la Netherlands linagwa mu Febuluwale 2010 chipani cha Labour chitakana kuwonjezera nthawi ya asilikali ku Uruzgan m'dziko la Afghanistan, ndipo asilikaliwo anayamba kuchoka mu Ogasiti. Ku Spain chisankho cha pa 14 Malichi 2004, patangopita masiku atatu mabomba ataphulika m'sitima za pamtunda ku Madrid, chinabweretsa nduna yaikulu yatsopano, Zapatero, amene anabweza asilikali pafupifupi 1,300 kuchoka ku Iraq. Sipanafunike lamulo la masiku 60.

Tsokalida:

A Nangondo, pa Russia sindikutsutsani. Koma musapeputse kalembedwe. Ovota akatopa, pamafunika pogwira. Ku Germany tsiku lovota limabwera lokha chaka chilichonse, phungu aliyense dzina lake limalembedwa kuti wavota bwanji, ndipo boma limadziwiratu zimenezo polemba pempho, choncho limachepetsa lokha chiwerengero ndi dera. Ku America anthu angatope, aphungu opitirira theka angavomereze kuti nkhondo ithe, monga pa Yemen, koma osakwana 67. Kutopa n'kofanana, zotsatira n'zosiyana, ndipo chasiyanitsa ndi lamulo.

Nangondo:

Pamenepo tagwirizana theka. Koma Bundestag yomweyo inawonjezera chilolezo cha Afghanistan chaka ndi chaka kuyambira 2001 mpaka 2021, ngakhale pa zaka zimene anthu ambiri m'dzikomo ankafuna asilikali abwerere. Zipani zikuluzikulu zikagwirizana kuti ubale ndi NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa America ndi mayiko a ku Ulaya, ndi wofunika kuposa madandaulo a ovota, tsiku lovota limafika n'kudutsa.

Mlauzi:

Ndiwonjezere kanthu kamodzi kothandiza a Nachisale potsatira nkhani. Mukamva kuti dziko lakuti laponya mabomba, fufuzani zinthu izi m'kalata imene boma lalembera aphungu, osati m'zolankhula za pa wailesi. Latsamira lamulo liti: mphamvu za mtsogoleri payekha, chilolezo chakale, kapena chatsopano? Ku America akatchula gawo lachiwiri lokha la malamulo oyendetsera dziko, ndiye kuti masiku 60 akuyenera kuwerengedwa. Akatchula chilolezo cha 2001, akunena kuti palibe chowerenga. Onaninso ngati kuphulitsa kulikonse akukulembera lipoti lakelake ngati nkhani yoyamba ndi kutha tsiku lomwelo, chifukwa imeneyo ndi njira yoti masiku aja aziyambiranso pa 1. Anachita zimenezi pa kulimbana kwa sitima ku Persian Gulf mu 1987 ndi 1988.

Kenako dikirani bilu ya ndalama yotsatira. Ku Lebanon, pa lamulo limene linasainidwa mu Okutobala 1983, Congress inapatsa Reagan miyezi 18, ndipo aka kanali koyamba kuti inene yokha kuti masiku a lamulo la 1973 ayamba kuwerengedwa. Pasanathe masabata awiri chisainireni, bomba linapha asilikali 241 ku Beirut. Pofika Febuluwale 1984 Reagan anawachotsa yekha, miyezi yoposa 12 ya chilolezo chija ikadalipo.